Inde Wathu ndi Ayi wa Azungu

Tinasamukira ku Thamesmead, kumalire a London, ana athu awiri atayamba kale kutiyankha m'Chizungu. Nyumba zake zinali zotuwa, zosanjikizana, zolumikizana ndi tinjira ta m'mwamba, ndipo mphepo yochokera kumtsinje inkalowa mpaka m'mano. Sitima siinkafika kumeneko. Ukafuna kupita kulikonse unkadikira basi, basi ikakusiya uziona wekha. Ine ndinkagwira ntchito kukhitchini ya sukulu ina ya pulayimale, kusenda karoti ndi kukwecha mapoto, chonsecho kwathu ndinali mphunzitsi wa Chingelezi, woyenda pa nsapato za gogoda, ana akandiona n'kumathawira m'kalasi. Bambo a kunyumba anathawa kwathu chifukwa cha ndale, ine n'kuwatsatira ndi sutikesi imodzi yabulauni. Sutikesi imeneyo ndinaiika pamwamba pa wadirobu ndipo sindinkalola munthu kuikhudza, poti ndinkati tibwerera posachedwa.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la banja la Matchaina ochokera ku Hong Kong. Anali ndi kashopu ka tchipisi ndi mpunga wokazinga ku Plumstead, ndipo tinkangopatsana moni pamasitepe basi. Mwana wawo wamkazi anakulira kwa agogo ake kwawoko, anabwera kuno ali kale namwali, n'kulowa kalasi yomaliza ya sekondale. Anali wochepa thupi, wa magalasi, woyenda mwachangu ngati wasiya mphika pamoto.

Tsiku lina masana, nditangovula nsapato, ndinamva kugogoda. Ndinatsegula n'kupeza mtsikanayo wanyamula wailesi ya kaseti m'khwapa. Anandipatsa buku, ndipo anandipatsa ndi manja awiri, atawerama pang'ono. Abale inu, ndinatsala pang'ono kulira. Chifikireni ku London ndinali ndisanalandirepo chinthu kwa mwana ndi manja awiri. Anga omwe ankangondiponyera zinthu ngati akudyetsa nkhuku.

"Anti," anatero m'Chingelezi chake chodukaduka, "ndamva kuti munali aphunzitsi."

"Ndidakali mphunzitsi, mwanawe," ndinayankha. "Mapotowa ndikungowasungira eni ake. Lowa."

Nkhani yake inali iyi. Masamu ndi sayansi ankakhoza mosachita kufunsa, ndipo koleji ina ya kumpoto inali itavomera kumutenga kuti akaphunzire za mankhwala. Chinatsala n'chimodzi: mayeso a Chingelezi a ana ochokera kunja. Anali ndi mbali yowerenga ndi mbali yomvetsera, pamene amakuikira kaseti, anthu awiri n'kumacheza, iwe n'kusankha yankho papepala. Bambo ake anali atanena mosapsatira kuti mwayi ndi umodzi. Akakhoza apite kukoleji. Akalephera, shopu yachiwiri inali pafupi kutsegulidwa, ndipo pakauntala pankafunika munthu. Sanali munthu woipa bambo ameneyu, ayi. Anangokhala munthu amene waima pamafuta otentha zaka zambiri, wosakhulupirira za mawa.

Tinayamba. Ankabwera akaweruka kusukulu, asanakwere basi yopita kushopu. Kuwerenga sikunali vuto. Mwana ameneyu ankadya buku ngati chiswe. Mawu aliwonse achilendo ankawalemba, pambali pake n'kujambulapo tizilembo ta kwawo tonga mapazi a nkhuku, mawa lake n'kubwera atawaloweza onse. Masamba a bukulo anali oonekera ndi mafuta, poti ankawerengera kukhitchini ya shopu uku akusenda mbatatesi. Ndaphunzitsa ana ambiri ine, anzeru ndi mbuli zomwe, koma wakhama chonchi sindinamuonepo.

Makaseti a ku laibulale atatha, ndinaganiza zoti tizijambula athu. Bambo a kunyumba ankakhala mwamuna wa m'nkhaniyo, ine mkazi. Koma bambo amenewa! Akangoona kabatani kofiira katsindikizidwa ankasanduka mzungu wa pa wailesi, mawu kutulukira m'mphuno, mpaka kukonza tayi yomwe sanavale. Ndiye ankandiseka kuti ndikati ndinene mawu a Chingelezi otanthauza kusewera, play, ndimanena otanthauza kupemphera, pray. "Amayi, anawo akusewera mpira kapena akupempherera mpira?" Ndinakwiya n'kufunsa mtsikanayo kuti atiweruze. Iye anamvetsera kawiri, n'kunena mwaulemu kuti kwa iye zonse zikumveka chimodzimodzi. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo tinabwerera ku makaseti a ku laibulale.

Vuto lenileni linatulukira pambuyo pake. Pa mayeso oyeserera aliwonse, panali mafunso ena amene ankawaphonya nthawi zonse, ndipo anali okwanira kumugwetsa. Tsiku lina anandiikira limodzi kuti ndimve ndekha. Mu kasetimo mwamuna anafunsa mkazi m'Chingelezi kuti, "Kodi sunakwere basi?" Mkaziyo anayankha liwu limodzi: "No." Funso la papepala linali lakuti, kodi mkaziyu anakwera basi kapena ayi?

"Anakwera," anatero mtsikanayo.

"Anakwera ndithu," ndinatero ine. "Munthu wamufunsa kuti sunakwere, iye wakana. Ayi, ndinakwera. Chovuta n'chiyani pamenepa?"

Anatsegula kumapeto kwa buku kumene kunali mayankho. Bukulo linati sanakwere.

"Buku lalakwa ili," ndinatero. Ndinalankhula ndi mawu anga a m'kalasi, aja osayankhidwa. "Osindikiza mabuku nawonso ndi anthu, amawodzera." Tinayesa lina. "Simunalandire uthenga wanga?" "No." Tonse awiri tinati analandira. Buku linati sanalandire. Ndinatseka bukulo mwamphamvu mpaka supuni kudumpha patebulo. Ndinamuuza kuti ine ndinaphunzitsa Chingelezi iye asanabadwe, ndipo sindingaphunzitsidwe ndi kabuku konunkha tchipisi. Iye sanatsutse. Anangokonza magalasi ake, kunyamula wailesi, n'kuthokoza.

Kwa masiku angapo sanabwere. Ndinkamva chitseko chawo chikutsekedwa, mapazi ake n'kudutsa pakhomo panga osaima. Mtima unandipweteka. Ndinati basi, pakamwa pangapa pathamangitsa mwana wa eni, ndipo nthawi ya mayeso inali ikuyandikira.

Kenako anagogoda, maso akuwala, chikhoti chili chonyowa ndi mvula.

"Anti, ndakhala ndikukwera basi."

"Basi umakwera tsiku lililonse, mwanawe."

"Ayi, ndakhala ndikukwera n'kumakhala kumbuyo kwa amayi achizungu okalamba. Aja olongolola. Ndimamvetsera." Anakhala pansi osavula n'chikhoti chomwe. "Wina anafunsa mnzake kuti, mwana wako sanabwere Lamlungu? Mnzakeyo anati No, sanabwere. Wina anati, sunagule nyama? Anati No, yadula. Anti, buku silinalakwe. Mzungu sayankha munthu. Amayankha chinthu. Ngati chinthucho sichinachitike, ndi No basi, kaya wafunsa bwanji. Ife kwathu timayankha munthuyo: inde, mwanena zoona, sindinagule."

Ndinamufunsa kuti, "Kwanu mumatero?"

"Timatero."

"Ifenso kwathu timatero!"

Tinayang'anana. Iye wochokera kutsidya la nyanja ina, ine wochokera kutsidya la ina, takumana pa simenti ya ku Thamesmead, tonse tili ndi inde mmodzi. Ndiye pomwepo chinthu china chinandigwera m'mutu, ndipo ndinafuula kuti, "Mayo ine, tiyi!"

Kukhitchini ya kusukulu kuja kunali mayi wina wachizungu amene ankatiyang'anira. Nthawi yopuma ankazungulira ndi ketulo, akafika pa ine n'kufunsa kuti, "Sunamwe tiyi, eti?" Ine mwaulemu wonse ndinkati, "Yes." Inde, sindinamwe. Iye ankamwetulira n'kupitirira ndi ketulo yake. Nthawi yonseyo ine kumeza malovu, n'kumadandaula kunyumba kuti mayi uja ali ndi tsankho, amachita kundifunsa dala kuti andilawitse fungo. Mawa lake atandifunsa, ndinalimba mtima n'kunena kuti, "No." Anandithirira kapu yodzaza, n'kuwonjezerapo bisiketi, n'kunena kuti ankadabwa kuti ndimamwera kuti tiyi wanga tsiku lililonse. Safunsa anadya phula, koma ine ndinali nditakhalira ludzu.

Kudziwa ndi kwina, kuzolowera ndi kwina. Mtsikanayo anaona kuti mutu wamva koma khutu likadali la kwawo, ndipo pa mayeso kaseti siidikira munthu. Ndiye anatipempha kuti tizimudzidzimutsa ndi mafunso oterowo paliponse pamene tamupeza. Ine ndinkamubisalira pamasitepe: "Sunadye?" Iye ankaima, milomo ikugwedera, kenako, "No." Bambo a kunyumba anaitenga ngati ntchito ya boma. Ankatsegula zenera iye akuthamangira basi, n'kukuwa kuti, "Sunaphe munthu lero?" Mwana wa eni n'kutembenuka pakati pa msewu, "Yes! Aaa, No! No!" Anthu pa siteji ya basi n'kumatiyang'ana ngati tapenga. Iye sanatope, sanachite manyazi, sanakwiye. Akaphonya ankangodzimenya pachipumi ndi chala n'kunena kuti, "Linanso, Anti." Pang'ono ndi pang'ono milomo ija inasiya kugwedera.

Ndinkamusirira mwana ameneyu, ndinene poyera. Ine ndinakhala zaka pakati pa azungu khutu nditatseka, poti ndinkati Chingelezi ndinachimaliza kale ku koleji ya aphunzitsi. Iye anakhala kumbuyo kwa agogo a m'basi n'kuchitola ndi khutu lake, ndipo pobwera kudzandiuza sananene n'kamodzi komwe kuti Anti munalakwa.

Tsiku la mayeso ndinapsereza anyezi kuntchito. Atabwerako ndinamufunsa mmene zayendera, iye anangoti kaseti inali yothamanga, ndipo madzulo omwewo anapita kukasenda mbatatesi. Shopu yachiwiri ija inatsegulidwa tikudikira zotsatira. Bambo ake anamugulira kale epuloni yatsopano, ndinaiona itayanikidwa pakhonde pawo, ndipo nthawi iliyonse ndikaidutsa ndinkafuna kuigwetsera pansi.

Zotsatira zinatuluka m'chilimwe. Masana amenewo ndinali pakhonde ndikuanula zovala pamene ndinamuona akubwera m'kanjira ka m'mwamba kaja. Sankathamanga. Mwana woyenda mwachangu uja ankabwera pang'onopang'ono, nkhope yosawerengeka. Ndinalephera kudikira kuti afike, ndinakuwa m'Chingelezi, funso linangotuluka mmene linabwerera:

"Sunalephere?"

Anaima. Anandiyang'ana m'maso. "No."

Ine ndinamva monga timamvera kwathu: Ayi. Ayi, ndalephera. Ndinakhala pansi pomwepo, malaya a bambo ali m'manja, ndipo m'maso mwanga munangobwera epuloni ija. Ndinayamba kumuuza kuti asataye mtima, ndikalankhula ndi bambo ake ndekha, ndikagwada ngati n'kofunika.

"Anti," anatero, "ndakuyankhani m'Chingelezi."

Ha! Ndinamuponyera malaya aja kumaso. Ndinalulutira, ine, pakhonde la ku Thamesmead, nthungululu yeniyeni ya kwathu, mpaka mazenera a aneba kutseguka. Ndinamukumbatira uku ndikumukalipira kuti mwana wopanda chisoni iwe, ufuna kundipha ndi mtima? Iye ankaseka uku akulira, magalasi atapendekeka. Bambo ake anasunga mawu awo. Madzulo ake anabwera okha pakhomo pathu ndi mbale yaikulu ya mpunga ndi bakha wowotcha, anaipereka ndi manja awiri.

Atatsala pang'ono kunyamuka kupita kukoleji, ndinamupeza akulongedza zovala ndi mabuku m'makatoni a mafuta ophikira. Ndinati zimenezo ayi, mwana amene ndamuphunzitsa ine sakafika kukoleji ngati akupita kumsika. Ndinamukokera kuchipinda kwanga, ndinakwera pampando, n'kutsitsa sutikesi yabulauni ija. Fumbi linali lochindikala pamwamba pake. Ndinaipukuta ndi chitenje, ndinayesa maloko, onse anali akugwirabe ntchito.

Iye ankaidziwa sutikesi imeneyo. Ankadziwa kuti ngakhale ana anga sankaigwira, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Sanatambasule manja. Anayang'ana pamwamba pa wadirobu pamene panatsala malo oyera, kenako anayang'ana ine, n'kufunsa motsitsa mawu m'Chingelezi chake chimene tsopano chinali chosalala:

"Anti, ndiye kuti simubwereranso kwanu?"

Funso limeneli ndinali ndisanaliyankhepo, ngakhale kwa bambo a kunyumba, ngakhale kwa ine mwini. Ndinkadziwa bwino lomwe yankho la m'buku. Koma silinali funso loti ndiyankhe chinthu.

"Yes," ndinatero.

Sanandikonze. Anawerama pang'ono, n'kulandira sutikesiyo ndi manja awiri.