Kandege kamene kanatilondola pamsewu wa ku Chembe

Wina aziti ndikukokomeza, koma mayi anga alipo, mukawafunse, zimenezi anaziona ndi maso awo. Zinachitika masiku amene ndinkayendetsa matola pakati pa Chembe ndi Monkey Bay, pa kapikapu kanga koyera kolira ngati chigayo, koma abale inu, kankatidyetsa bwino kameneko.

M'mawa umenewo ndinanyamula bambo anga kupita nawo kuchipatala. Anali atagona nthawi yaitali osadya, iwo n'kumakakamira kuti anawalodza asodzi anzawo chifukwa chilimira chawo chinkakola usipa kuposa cha ena, moti kuti avomere zachipatala tinachita kuwagwadira. Tinawagoneka kumbuyo pamphasa, mayi atawagwirira mutu.

Titangoyamba kukwera mapiri aja, mayi anamenya denga la galimoto. Kusuzumira pawindo, ndinaona kanthu kakuda kamiyendo inayi kali m'mwamba, kakulira ngati njuchi. Ndikaponda moto nako kankathamanga, ndikakhota nako n'kukhota, nditaima nako kanaima n'kumangotiyang'ana. Inu mukanatani? Ine thukuta linali kamukamu. Bambo anayamba kunena kuti adani awo aja abwera kudzawatenga, ndibweze galimoto akafere pakhomo pawo. Ndinadziwa kuti ndikangobwerera, kuchipatala sadzapondako. Ndinawakanira, koyamba chibadwire, n'kupitiriza ulendo.

Kenaka pagalasi ndinaona zodabwitsa. Munthu amene ankalephera ngakhale kukhala tsonga uja anali ataimirira, dzanja lina atagwira chitsulo, linalo akuzunguza nkhafi imene msodzi wina anaiwala m'galimoto, uku akukatukwana kanthuko pamodzi ndi amene anakatuma. Mwadzidzidzi kanatembenuka n'kubwerera. Bambo anakhala pansi, akupuma mwawefuwefu, n'kundiuza kuti, "Tiye kuchipatalako, ndawathamangitsa."

Anachiradi. Patapita masiku, mkulu wina wojambula maukwati anandipeza padepoti n'kupepesa. Anati kanali kandege ka kamera, iye anakatchera kuti kazilondola kokha pikapu yoyera ya akwati, iko n'kugwira yathu, ndipo kanabwerera chifukwa batire linkatha. Bambo sanazivomere zimenezo mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo ine sindinalimbane nawo.

Mkuluyo anandiikira mufoni kanema amene kandegeko kanajambula. Ndimamuonera ndikawasowa: msewu uja, mpango wa mayi ukuuluka, bambo ali chilili. Lero ndimakhulupirira kuti sunali ufiti, koma kuti Mulungu amatha kudzutsa wodwala ngakhale ndi mantha. Inu ojambula, muziwauza anthu musanaulutse tinthu tanuto, tsiku lina wina adzagwera nato kuphompho. Ndipo inu amene makolo anu alipo, ajambuleni akuyankhula, chifukwa kandege kaja sikatola mawu. Ndimaona pakamwa pa bambo pakuyenda, ndimaika foni pakhutu penipeni, koma kuli zii.