Munga Wabodza Pathanthwe

Zinayamba ndi dzina. Mlamu wanga, mchemwali wawo wa bambo akunyumba, ankakhala nafe chifukwa sekondale ili pafupi ndi kwathu, ali folomu 3. Tsiku lina ndikusenda kachewere pakhonde ndinamva akuitana mwana wanga wamwamuna, wa zaka ziwiri, ndi dzina losakhala lake. Mwanayo anatembenuka. Anatembenuka ndithu, n'kuseka, n'kuthamangira komweko. Ine nditamuitana dzina lake lenileni, anangokhala ngati yadutsa ndi mphepo.

Dzinalo ndinkalidziwa. Linali la mnyamata wa m'kalasi mwawo amene ankamuperekeza akaweruka. Kumjigo ndinamva kuti chibwenzi chinatha, mnyamatayo anangomulembera pafoni, ndipo tsopano ankaperekeza wina, mnzake wa mlamu wangayo wokhala naye desiki imodzi.

Mlamu wangayo sankalira ayi, bola akanalira. Ankadzuka, kusita yunifolomu, ulendo, koma pobwera siketi ili chisoso chokhachokha, nsapato zili ndi dothi lakuda la kunkhalango, chonsecho njira ya kusukulu ndi ya katondo. Nditawauza achimwene ake anati ndi zachibwana, zitha mayeso akayandikira, n'kunyamula matumba awo a kachewere kupita kumsewu.

Loweruka lina nthawi yozizira, nkhungu itatseka moti nkhokwe osaiona, ndinachokera kudimba n'kupeza mwana wanga wamkulu, wamkazi, ali yekha. Anati azakhali abereka mwana, akuti akukamuonetsa malo awo.

Ndinathamanga opanda nsapato, njira osaiona, ndikungotsata mapazi pamame. Ndinawapeza pathanthwe lalitali la m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, limene kunsi kwake kuli phompho. Anakhala kumapeto kwenikweni, miyendo ili lende, mwana wanga ali pamiyendopo. Ankamuyankhula motsitsa mawu ngati munthu wamkulu, kumufunsa chimene anasinthira, kumukumbutsa zimene analonjeza pamalo omwewo. Mwana ankangomuyang'ana m'maso osaphethira.

Kukuwa ndinaopa, akanadzidzimuka. Ndinakhala pansi chapatali, n'kugwira phazi.

"Alamu, munga wandilasa. Tabwerani mundizule, ine sindikuuona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati sakundidziwa. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, anafika, anamutsitsa mwana kuti manja apeze mpata. Ndinamukoka mwanayo n'kumupana ndi ntchafu zanga. Iye anafufuza phazi lonse, nafufuzanso.

"Mulibe munga muno, alamu."

"Ulimo, funani bwino."

Ali chigwirire phazilo ndinamuuza za ine ndemwe, zimene ngakhale achimwene ake sazidziwa: kuti nanenso wina anandisiya ndili sitandade 7, manyazi anandigwira n'kusiya sukulu, lero nkhope yake ndinaiwala koma sukuluyo imandiwawabe. Apo ndiye analira, kulira kotulutsa mawu, misozi ikugwera paphazi panga. Anati mnyamatayo saleka kuyankhula m'mutu mwake. Ndinamufunsa mosabisa ngati anaganizapo zodziponya kuphomphoko. Anangovomera ndi mutu. Za mwana sindinafunse, ndinaopa yankho lake.

Lolemba ndinamuperekeza mpaka kusukulu, ndinakaonana ndi aphunzitsi aakazi amene atsikana amamasuka nawo. Anamvetsera zonse, anati azicheza naye tsiku ndi tsiku ndipo apita naye kuchipatala ku Boma. Mankhwala opopera mbewu ndinakasungitsa kunyumba ina. Mlamu wangayo kumuthamangitsa sindikanatha, anali mwana nayenso, ndipo kwawo kunalibe womuyang'anira.

Koma maso ndili nawo awiri okha, sangalondere anthu atatu. Ndinamanga zovala za ana m'chitenje, tinakwera kabaza mpaka ku Mayani kwa akulu anga. Ndinawapempha kuti andisungire, asawapereke kwa aliyense, ngakhale wobwerayo atanena kuti ndamutuma ndine. Wamng'onoyo anandikakamira pachitenje, akulu anga anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Ndinabwerera tsiku lomwelo osacheuka, kuti belu loweruka lindipeze nditaima pageti la sukulu.