Wotola Timabelu M'mabwinja

Ku Aldewier aliyense amadziwa kuti ukafuna a Wiebren Kalsbeek mwezi wa Febuluwale, usavutike n'kugogoda pachitseko. Ungozungulira kuseri kwa nyumba. Ukawapeza atawerama pansi pa mitengo ya maapozi, m'manja muli ndodo yomwe anamangirira kagalasi kunsonga. Timabelu ta chisanu ndi timaluwa tamanyazi, timayang'ana pansi, ndipo wofuna kuona m'kati mwake ayenera kugwada. A Wiebren anagwada zaka makumi anayi mpaka mawondo anakana, ndiye anapeza nzeru ya kagalasiko.

Asanapume, ntchito yawo inali yotenga mkaka. Anayamba ali ndi zaka makumi awiri, kuyendetsa lole m'timisewu ta pakati pa ngalande, kukweza zigubu pageti lililonse n'kukatula kufakitale ya tchizi. Makomo anali ambiri nthawi imeneyo, ndipo ankadziwa dzina la galu wa pakhomo lililonse. Kenako makomo aja anayamba kutha. Ena anakalamba popanda wowalowa m'malo, ena anagulitsa ng'ombe n'kulowera kutauni, timinda ting'onoting'ono n'kumalumikizidwa kukhala chimunda chimodzi. Nyumba ikatsala yokha, sipankatha chaka isanagwetsedwe.

M'mawa wina wankhungu, manja okha anakhotetsa chiwongolero kulowera kwa mayi Hiemstra, mayi wamasiye amene anali atasamuka kale nyengo yozizira isanayambe. A Wiebren anadzidzimuka ataima kale pageti. Nyumba inali itasasulidwa denga. Anatsikabe, osadziwa chimene akutsikira. Kunali zii, atsekwe okha akulira kwinakwake m'nkhungumo. Atazungulira kuseri, pomwe mayi aja ankayanika zovala, anapeza pansi ponse pali mbee. Poyamba anayesa n'chipale chofewa chotsalira. Anali maluwa, mazanamazana, atatuluka pa nthawi yake ngati kuti mwini nyumba akadalipo.

Anakumba pang'ono ndi chivundikiro cha chigubu, n'kuika m'chipewa.

"Mwanyamula chiyani, bambo?" anafunsa akazi awo, a Aukje, ataona dothi likuyoyokera pansi pomwe anali atangokolopa.

"A Hiemstra."

"A Hiemstra ali kwa mwana wawo ku Leeuwarden."

"Awa ndi amene anatsala."

Sabata yotsatira thirakitala inadutsa pabwinja lija, ndipo udzu utamera palibe akanakhulupirira kuti panali khomo.

Kuyambira pamenepo, akangomva kuti nyumba yakuti ikugwa, ankapitako ndi kafosholo. Ankatolanso chibenthu cha tailosi ya denga, n'kulembapo dzina la banjalo ndi penti yoyera, n'kuchizika pambali pa maluwawo. Kwa munthu wongodutsa, timabelu tonse n'timodzimodzi. Kwa a Wiebren ayi. Ta kwa Hiemstra n'tatitali ndipo timafulumira, Januwale asanathe tafika kale. Ta kwa Sybesma n'tonenepa, masamba a duwa ali unjiunji ngati siketi yaukwati. Tina tili ndi kachizindikiro kobiriwira m'kati kooneka ngati chiboda cha hatchi, tina kachikasu.

Anatibzala motsata njira ya mkaka, khomo loyamba pafupi ndi khitchini, lomaliza kumpanda. Choncho m'mawa uliwonse wa Febuluwale, dzuwa likamayesa kuboola nkhungu, a Wiebren amayendanso ulendo wawo wakale, koma wapansi, mapazi makumi atatu okha. Amaima pakhomo lililonse. Nthawi zina amati amamva zigubu zikugundana, kapena fungo la khola lofunda likutuluka pachitseko chomwe kulibenso. Salankhula zambiri, amangogwedeza mutu ngati munthu wopereka moni ali pagalimoto.

A Aukje ankauza anzawo kutchalitchi kuti, "Ine ndili pamitala. Miyezi khumi ndi umodzi ndi anga, koma Febuluwale amakagona kwa akazi aang'ono." Komabe anali iwowo amene ankakolopa kagalasi kaja madzulo aliwonse. Lamulo la m'mundamo linali limodzi: duwa silithyoledwa. A Wiebren ankati duwa la m'botolo ndi la pamaliro.

Chaka chomwe anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, pakati pa Febuluwale, kunabwera mlendo. Anali mayi wachikulire wovala jasi lofiira, wolankhula chinenero cha ku Aldewier ngati munthu woyenda m'nyumba yamdima, kupapasa mawu amodziamodzi.

"Pepani bambo, wa kusitolo ya buledi ndi amene wandilozera kuno. Ndachokera ku Canada. Ndimafuna pamene panali pakwathu, koma ndangopeza udzu ndi nkhosa. Akuti inu mumasunga makomo a anthu."

"Kwa yani, mayi?"

"Kwa Wynia."

A Wiebren anatsamira ndodo yawo n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Banja la Wynia linachoka a Wiebren ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nthawi imene mabanja ambiri ankakwera sitima kukafuna minda kutsidya la nyanja. Ankakumbukira ngolo yodzaza mabokosi, ndi kamtsikana kali pamwamba pake katakumbatira wotchi yapakhoma.

"Iwe ndiwe Tjitske," anatero. "Unkakhala kutsogolo kwanga m'kalasi. Unandiluma pamkono chifukwa cha pensulo."

"Ndiye kuti ndiwe Wiebren wamamina uja. Pensuloyo inali yanga."

Anaseka onse mpaka kutsokomola. Kenako a Wiebren anawatsogolera kumpanda, pakhomo lomaliza. Chibenthu cha dzina la Wynia chinalipo, koma pambali pake panalibe duwa, tinsonga tobiriwira tokha titangosuzumira m'dothi.

"Anthu a kwanu ndi ochedwa," anatero a Wiebren. "Chaka chilichonse amafika anzawo onse atatopa. Mwina kumayambiriro a Malichi."

"Ndege yanga ndi ya Lachisanu sabata yamawa."

A Tjitske anaima pamenepo, manja m'matumba. Kenako anaulula motsitsa mawu kuti maluwawo sakuwakumbukira n'komwe. Ankakumbukira mpope wa pabwalo, ndi ng'ombe yamawanga yotchedwa Bontsje, koma nkhope ya amayi awo ali m'nyumba imeneyo inali itafufutika. Amayiwo anamwalira chaka chachiwiri ali ku Canada, asanazolowere dzikolo.

Anayamba kubwera tsiku ndi tsiku. Ankafika m'ma teni, n'kupita kumpanda ndi a Wiebren, onse awiri n'kuwerama ngati adokotala pabedi la wodwala. Akazizidwa ankalowa kukhitchini, a Aukje n'kuwathirira khofi ndi kuwadulira buledi wa shuga. Masana kunkakhala supu wa nsawawa wolimba moti sipuni inkaima yokha. Mawu akale anayamba kubwerera m'kamwa mwa a Tjitske, ena oti ngakhale a Aukje anali atasiya kuwamva. Lolemba kunagwa chisanu, tinsonga tija tinangoti duu. Lachiwiri mphepo inatembenuka n'kuchokera kumwera, chisanu chikusungunuka n'kumadontha m'madenga tsiku lonse, ndipo Lachitatu pakati pa masamba panaoneka kanthu koyera ngati njere ya mpunga. Lachinayi timitu titatu tinali titazolika, koma titatseka ndithu.

"A ndege akanangokupatsa masiku ena anayi," anatero a Wiebren.

"Basi, ndaona pomwe ali. N'zokwanira."

Anabwerera kukhitchini. A Aukje anawayang'ana onse awiri, anavula epuloni, natenga sizasi m'kabati n'kutuluka. Pobwera anali ndi kaduwa kamodzi pakati pa zala. Anakaika m'kakapu kodyera dzira, anathiramo madzi, n'kukakhazika pawindo pafupi ndi chitofu.

"Mayi, mwatani?" anafunsa a Wiebren.

"Ndathyola. Mukandisumire. Imwani khofi akuzizira."

Wotchi inkagunda, ketulo ikulira pang'onopang'ono, ndipo anthu atatu okalamba anakhala maso ali pa kakapu ka dzira. Kutentha kwa m'nyumba kunagwira ntchito yomwe dzuwa linalephera. Masamba atatu akunja anayamba kutakasuka, mosaoneka ndi maso, koma ukaphethira n'kuyang'ananso umapeza asuntha. Ola lisanathe anali atatambasuka ngati mapiko. M'kati munali timadontho tiwiri tobiriwira.

A Tjitske ananyamula kakapuko kuti aone bwino, ndipo katafika pafupi ndi mphuno anaima. Fungo lake linali lochepa kwambiri, la uchi. Anatsinzina.

"Pawindo la kuchipinda," anatero patapita nthawi. "Amayi ankaika kaduwa kotere m'kabotolo ka inki. Ndinkadwala chikuku, makatani atatseka, iwo n'kubwera nako pabedi kuti ndinunkhize. Anali ndi chipsera apa, pachibwano. Ndinali nditaiwala chipseracho."

A Wiebren anadzuka n'kukaima pakhomo, akuti kukaona ngati kukubwera mvula. Kunja kunalibe ndi mtambo womwe.

Mbewu za maluwa sizidutsa m'malire chisawawa, choncho a Tjitske anangotenga kaduwa kaja atakapanikiza m'buku la nyimbo lomwe a Aukje anawapatsa. Chaka chotsatira analemba kuti miyendo siikuwalolanso ulendo wautali, koma makalata sanasiye.

Malichi wa chaka chomwe a Tjitske anabwera, maluwa atafota koma masamba akadali obiriwira, a Wiebren anachita zomwe anali asanachitepo. Anafukula chitsa cha kwa Wynia n'kuchigawa pawiri, theka kubwezera, theka kuika m'ndowa. A Aukje anayendetsa galimoto. Kumunda komwe kunali nyumba ya a Wynia kunalibe chizindikiro chilichonse, moti anachita kuyeza ndi maso, nsanja ya tchalitchi kumanzere, mlatho wa ngalande kutsogolo, mpaka a Wiebren anati geti linali apa.

Ali mkati mokumba m'mphepete mwa ngalande, mwini munda anafika pa thirakitala, bambo wamtali wa masaya ofiira.

"Agogo, mukukwirira chiyani m'munda mwanga?"

"Eni ake a malo ano. Sadya udzu wa nkhosa zanu, ndipo pofika nthawi yotchetcha amakhala atagona kale."

Bamboyo anayang'ana m'ndowa, kenako anazimitsa injini. Anati agogo ake aakazi anali a kwa Sybesma, ndipo ankamva kuti nyumba yawo inali chakumadzulo kwa mlathowo, koma palibe anamusonyezapo malo enieni.

"Ndikusonyezani," anatero a Wiebren. "Galu wawo dzina lake anali Moarke, ankadana ndi lole. Bwerani Loweruka ndi ndowa yanu."

A Aukje anawakumbutsa kuti Loweruka kuli ubatizo wa mdzukulu. Anagwirizana za Lolemba.