Kochi Sanandiitane pa Geti

Ine pamsika wa Toi sindigonja. Wogulitsa akatchula mtengo ndimaseka, n'kuika nsapato pansi, n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono khutu lili kumbuyo. Ndisanafike patali amandiitana ndithu.

Mwana wanga wamkazi anabadwira muno mu Nairobi. Chiswahili chake makondakitala a matatu, maminibasi a kuno, a ku Ruaka komwe timakhala amamuyesa wawo, Chichewa ndiye chotsimphina. Sikwashi anayamba ali wamng'ono, masewera aja a anthu awiri otsekeredwa m'chipinda, akumenyetsa kampira kakuda kukhoma. Poyamba ndinkati n'zamisala, koma mwanayo dzanja anali nalo.

Chaka china ankasankha timu ya atsikana ya dziko lino yoti ipite kumpikisano wa mayiko, ndipo masankhowo anachitikira kukalabu kwake. Anasewera ndi onse, n'kuwagonjetsa onse, ine ndikuonera pamwamba. Atamaliza, kochi anandikokera pambali n'kundiuza kuti mwanayo sangapite nawo chifukwa pasipoti yake ndi ya Malawi. Ndinamufunsa ngati pasipotiyo inasanduka ya Malawi m'mawa womwewo. Zaka zonsezi ankamuika patsogolo polimbana ndi makalabu ena, zikho zikubwera, palibe amene anafunsapo za kwawo. Nanga kumusiya mwana akhetse thukuta tsiku lonse iye akudziwa kale? Kochiyo, osaphethira n'komwe, anati ankafuna kuti atsikana enawo ayesedwe ndi munthu wolimba.

Ndinayamba kunenerera. Ndinati amuike wachitatu, wotsiriza mwa osewera. Anakana. Ndinati chabwino, akhale wapabenchi. Anakana. Ndinatsika mpaka pa wonyamula zikwama, ine munthu wosatsika. Iye anangoti lamulolo si lake, koma mwanayo azibwera kudzasewera ndi osankhidwawo, awanole asananyamuke.

"Ndiye mwana wanga akhale mwala wonolera mipeni ya eni?" ndinatero.

Ndinamuuza mwana atenge raketi yake, tizipita. Ndinayenda kayendedwe kanga ka pa Toi. Pakhomo ndinawerama kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Pa geti ndinayamba kucheza ndi mlonda za mvula, nkhani yomwe sindinkaifuna n'komwe. Kumbuyo kunkangomveka kampira kakugunda khoma.

"Adadi, satiitana," anatero mwanayo. "Pano si pamsika."

Ndinati tifunsa kwathu ku Malawi, akaimirire dziko lake lenileni. Anandikumbutsa kuti timu ndi anthu atatu, ndipo iye sadziwa mtsikana wina wa kwathu wogwira raketi. Anandifunsanso kuti akasiya kubwera kuno azisewera ndi ndani, khoma la kubafa?

Anabwerera m'kati yekha, ine ndili chiimire ndi mlonda uja.

Masabata otsatira ndinkamuperekeza, n'kukhala pamwamba manja nditapinda, kochi osamupatsa moni. Mwanayo ankawathamangitsa anzakewo ngodya ndi ngodya mpaka kupuma ndi pakamwa, kochi akugwedeza mutu mokhutira ngati anachita kumugula. Tsiku litakwana iwo anakwera ndege atavala majekete atsopano, ife tinakwera matatu kubwerera ku Ruaka.

Mwanayo akusewerabe komweko, ndipo akuti alibe nazo chifukwa. Ine ndili nacho. Makolo a atsikana aja akandiona amandigwira chanza ndi manja awiri, akuti mwana wanga anathandiza kwambiri timu yawo, ndipo ine ndimangowaonetsa mano.