Mavalavu a Njinga ya Agogo

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, nkhope yawo imachedwa kubwera. Chimayamba kubwera ndi fungo la matemba owamba losakanikirana ndi girisi wa njinga, kenako kulira kwa dengu likukhulana ndi kaliyala, iwo akutsika kanjira ka kwathu kwa Chiwalo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ankapikula matemba kunyanja ya Chilwa n'kumagulitsa m'misika. Akaimika njinga pansi pa mtengo wa mango ankandiitana monga agogo amaitanira adzukulu awo aakazi: "Mkazi wanga, madzi. Kapena wapeza mwamuna wina ndili kunyanja?"

Dzina lawo lenileni linkamveka kutchalitchi kokha. Mudzi wonse unkati a Pondaminga, chifukwa ankayenda opanda nsapato paminga, pamchenga wotentha wa mu Okutobala, ngakhale pakhala la moto logwa m'kaliwo wawo, osatsinzina n'komwe. Anthu ankati munthuyu ngokhwima, ndipo iwo sankakana. Ine ndinkanyada nazo kusukulu mpaka kumenyana ndi wotsutsa. Tiyi ankathira masupuni anayi a shuga, ludzu silinkawatha, ndipo kuseri kwa nyumba komwe ankataya madzi kunkaunjikana nyerere. Koma ndani amafunsa nyerere chomwe zadzera?

Chaka chimene nyanja inadzazanso itauma, amalume ogwira ntchito kumunda wa tiyi ku Mulanje anawabweretsera gambuti zakuda zonyezimira. Agogo anazikonda ngati mwana woyamba. Kunyanja gambuti, kumaliro gambuti, kutchalitchi gambuti, opanda sokosi. Patapita masiku m'nyumba munayamba kafungo, ndipo amayi anasuntha matumba onse kufunafuna khoswe wakufa. Loweruka lina anandituma kuti nditsuke gambutizo. Nditapisa dzanja mkati ndinabayidwa chala. Inali mbedza ya nsomba, itakola pansi pa gambuti, nsonga yake itayang'ana kumwamba.

Agogo anatembenuza phazi lamanja. Pansi pa chala chachikulu panali dzenje loti n'kulowa nyemba, m'mbali mwake mutayera.

"Ndiye mwayenda nayo masiku angati, bambo?" amayi anafunsa.

"Kaya. Chilonda chosapweteka n'chilonda ngati?" anayankha, n'kuseka.

Anathirapo ufa wa kapusozi. Atalephera anathirapo makala a m'batire, monga ankachitira anzawo akunyanja. Anthu ena ankati aponda mankhwala omwe ogulitsa matemba anzawo anawatchera panjira. Miyezi iwiri inatha, phazi linatupa, chala chinada. Chomwe chinawagonjetsa si ululu ayi, poti kunalibe. Linali Lamulungu lina pamene ntchentche zinawatsatira mpaka pabenchi, ndipo azibambo omwe anakhala nawo limodzi zaka zonse anasendera pang'onopang'ono mpaka agogo anatsala okha. Ndinaona ndili kumbali ya amayi, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Mawa lake amayi anawakweza pa kaliyala, pamalo pa dengu la matemba, ine ndikutsatira pambuyo ndi kathumba ka zovala mpaka kuchipatala cha mishoni.

Kumeneko tinapeza anesi ena a ku Rumphi, aafupi, olankhula Chichewa chokoka, amene ntchito yawo inali zilonda zokhazokha. Sanatseke mphuno. Anabaya agogo pachala cha dzanja kuyeza magazi, kenako anatulutsa kaulusi kolimba ngati ka mbedza.

"Agogo, tsinzinani. Ndikakukhudzani, munene kuti eya."

Anawakhudza pachidendene, pakati pa phazi, pansi pa chala chilichonse, phazi ili ndi linzake. Agogo anali zii. Patapita nthawi anafunsa ali chitsinzinire, "Mwayamba, mayi?"

"Ndamaliza," anatero anesiwo.

Anafotokoza kuti ndi matenda a shuga, ndipo shugayo anapha kumva kwa mapazi kalekale. Kukhwima konse kuja kunathera pamenepo. Adokotala atabwera ananena mosazungulira kuti chala chakudacho chichoka lero lomwe, ndipo chilonda chikapanda kusintha, mwendo audula m'munsi mwa bondo. Agogo anayang'ana phazi lawo.

"Chalacho tengani," anatero. "Koma ine sindifuna kuikidwa kawiri, mwendo kaye, mwini wake pambuyo. Ndikapita, ndipite yense."

Anakhala m'chipatala masabata atatu. Tsiku lililonse anesiwo ankachotsa mnofu wakufa ndi kampeni kakang'ono mpaka pawoneke pofiira. Poti amayi anali ndi khanda ndi munda, anesi anasankha ine, mtsikana wa sitandade faifi, kuti ndiphunzire. Kusamba m'manja ndi sopo. Kasupuni ka mchere m'botolo la madzi owiritsa. Kutsuka chilonda kuyambira mkati kupita kunja, kudzazamo shuga wamba wa m'golosale kuti akoke mafinya, kuphimba ndi kansalu koyera, kumanga bandeji.

"Ndiye phazi lidye shuga, mwini wake amwe tiyi wowawa?" agogo anadandaula. "Chilungamo chili kuti pamenepa?"

Anesi anaseka, kenako anandigwira paphewa. "Iwe, mvera. Mapilitsi asadumphe. Phazi ili lisaponde pansi mpaka nditanena ine. Ndipo nsapato iliyonse, asanavale, upisemo dzanja. Mapazi awo sadzawauzanso kanthu, uziwauza ndiwe."

Kunyumba ankakhala pakhonde, phazi litasanjikidwa pa mtondo wovundikira, kumangomvera mabelu a njinga za anzawo akupita kunyanja. Anakhala mwezi wathunthu akumvera lamulo. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza mtondo uli wokha, njinga palibe. Anabwera dzuwa litapendeka, dengu lili theka, bandeji ili matope okhaokha. Nditamasula, pomwe panayamba kumera mnofu watsopano panali patang'ambika.

Ndinali ndisanalankhulepo mwamwano kwa munthu wamkulu, koma tsikulo ndinatero. Ndinaponya bandejiyo pansi, misozi ili chuchuchu. "Pitani akaudule. Ine ndatopa. Mukaudula mukaukwirire nokha, ine sindipitako."

Amayi anatuluka ndi mthiko m'manja kuti andikwapule nawo, koma agogo anawaletsa ndi dzanja. Anakwawira pomwe panali njinga, anamasula mavalavu onse awiri, matayala n'kuphwa ali fwii. Anandiika mavalavuwo m'dzanja n'kulipinda.

"Mkazi wanga wakwiya," anatero chapansipansi. "Sunga. Ndikakupempha, ukane. Ndikakuopseza, ukanebe."

Ndinawamanga pakansalu n'kumayenda nawo kusukulu m'thumba la makope. Anapemphadi, maulendo osawerengeka. Ankandinyengerera ndi nzimbe, ankati andisudzula akwatire wina wofatsa. Akanatha kutuma mwana aliyense kukagula ena kwa okonza njinga, koma sanatero. Milungu iwiri iliyonse amayi ankabwereka njinga kwa aneba kuti anesi akaone chilondacho. Chinkadzaza kuyambira pansi, pang'onopang'ono kwambiri moti ndinkachiyeza ndi kamtengo ka machesi kuti ndikhulupirire. Mvula inagwa, chimanga chinacha, tinakolola. Kenako tsiku lina anesi anasindikiza pachipsera ndi chala chawo, anandiyang'ana ine osati agogo, n'kunena kuti, "Mwendo watsala."

Madzulo amenewo ndinamasula kansalu kaja. Agogo anapopa njinga yawo, anaizunguliza mtengo wa mango katatu, atavala nsapato zansalu zomwe anesi anawalamula. Gambuti sanazivalenso.

Anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri. Mmawa uliwonse ankandidikira pakhonde, nsapato zili pambali, mapazi atatambasula. Ndinkapisa dzanja mu nsapato iyi ndi iyo, n'kuyang'ana kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala zisanu ndi zinayi zija. Ndinatulutsamo timiyala, minga, tsiku lina chinkhanira. Dzina la Pondaminga linawakanirirabe, koma wina akawatchula ankati, "Ameneyo anapuma ntchito."

Lero ndili ndi ana anga atatu, ndipo amandiseka chifukwa sindilola munthu m'nyumba mwanga kuvala nsapato ndisanapisemo dzanja. Sadziwa kuti ndinachita chimodzimodzi tsiku la maliro a agogo. Azibambo osambitsa mtembo atatulutsa nsapato zansalu zija n'kuziika pakhomo, ndinazitola, ndipo dzanja linalowa lokha, mu iyi kenako mu iyo. Munalibe kanthu. Agogo anaikidwa kamodzi kokha, ndi miyendo yawo yonse iwiri.