Mwala wa a Levulo

Alamu anga, amuna a malemu mlongo wanga, anali mmisiri womanga nyumba kwa zaka makumi anayi. Anthu ankawatchula kuti a Levulo, dzina la chida choyezera kuwongoka kwa khoma, chifukwa akalowa m'nyumba ya munthu ankayamba ayang'ana khoma, moni pambuyo. Kwathu anagumula sitepe ya pakhonde ine ndili m'chipatala, n'kuimanganso. Ndinangoti zikomo.

Kuchipinda kwawo anakhoma tsamba la kalendala yakale. Panali chithunzi cha chipata cha miyala, chokhota pamwamba ngati uta, cha m'mabwinja a mzinda wina wakalekale. Ankati chinamangidwa popanda simenti kapena matope, ndipo ankafuna kukaona okha chimene chimagwira miyala ya pamwambayo kuti isagwe. Analankhula zimenezi zaka zambiri. Kenaka maso awo anayamba kuchita khungu, ndipo adokotala anati pofika chaka chamawa azidzangoona mbuu. Mwana wawo wamkazi anati tipite Loweruka, ndipo ananditenga kuti ndiziwagwira dzanja.

Tinapangana kunyamuka sikisi koloko. A Levulo anakhala m'galimoto kusanache, atavala jekete. Tinanyamuka naini, chifukwa mkamwini wawo ankasaka tchaja ya foni. Panjira tinaima katatu. Titalowa m'tauni yakaleyo, mwana wawo anaona timisewu topanikiza ndi zitseko zosemasema, ndipo anafuna kujambulitsa paliponse.

"Bambo, tamwetulirani."

"Ndikamwetulira kuchipata."

"Chipatacho chakhala zaka zikwi, sichithawa lero."

"Akuthawa ndi maso angawa."

Tinalowa m'mabwinjamo itadutsa fili koloko, ndipo amatseka faifi. Mayi wotionetsa malo anati munthu asadumphe chingwe, asakhudze mwala. Chipata chija chinali kumapeto, pamwamba pa chitunda.

Pakhoma loyamba, lofika m'chiuno, panali mpata, ndipo mwala wake unali pansi kuseri kwa chingwe. A Levulo anachepetsa liwiro. Ine ndinawaona.

"Alamu, tiyeni."

"Madzi akulowa apa. Madzinja awiri okha, mzere wonsewu uli pansi."

"Si khoma lanu."

"Ndikudziwa."

Anandisiya dzanja kuti amange chingwe cha nsapato. Ndinayenda pang'ono, ndipo pocheuka ndinapeza jekete ili pachingwe, eni ake ali mkati. Anautembenuza mwalawo katatu, akuupapasa m'mbali. Anaulowetsa pampata paja, anatola kamwala kaphanthiphanthi n'kukakhomerera pansi pake ndi chidendene cha nsapato. Wezulo inalira.

"Madala, mwatani?" anatero mlonda, akupuma wefuwefu. "Mwalawo uli ndi nambala. Unajambulidwa pomwe unagwerapo. Akatswiri akubwera kudzauona."

"Unagwa liti?"

"Chaka chatha."

"Akatswiriwo akubwera wapansi?"

Mlonda sanaseke. Anatitengera ku ofesi, kachipinda ka tebulo limodzi ndi makiyi ambiri pamsomali. Mwana wawo anafotokoza za maso, mpaka kugwada. Mkulu wa pamalopo anamvetsera bwinobwino, kenaka anati tithokoze kuti sakuitana apolisi, koma agogowa asapondenso mkati. Mkamwini anayamba zoti iye ananeneratu. 

A Levulo anakhala pabenchi kunja kwa geti, jekete ili pamiyendo.

"Alamu, pitani inu. Mukayang'ane mwala wapakati, pamwamba penipeni. Osathamangira."

Ndinakwera chitundacho ndi mawondo angawa. Ndinaima pamenepo mpaka khosi linawawa. Nditabwerera anali pomwepo.

"Ndi wotani?"

"Waukulu."

"Waukulu ndi njovu. Ndikufunsa kasemedwe kake."

"Kumunsi ndi wowonda, kumtunda ndi wotakata."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Nanga polumikizira? Mpeni ungalowe?"

"Panali chingwe, alamu. Ndinaima patali."

"Miyala ingati mbali iliyonse?"

Sindinawerenge. 

"Zaka zonse zija ku positi, kuwerenga makalata a eni, lero mwalephera miyala."

Ndinati ndibwererenso, koma geti anali akulikoka. Mlonda uja anatuluka atakulunga chala ndi kansalu, n'kuima patsogolo pathu.

"Madala, mwala uja munaulowetsa bwanji? Taukoka anthu atatu, sukusuntha."

"Pezani tchizulo."

"Tchizulo n'choletsedwa muno."

"Ndiye usiyeni," anatero a Levulo, akuvala jekete.

Pobwerera, mwana wawo analonjeza kuti adzalemba kalata yopepesa ndipo tidzapitanso. Analembadi. Yankho silinabwere, ndipo mvula isanathe maso aja anatsekeka.

Masiku ano ndimapita kukawaona Lachitatu lililonse. Sitilankhula zambiri. Nthawi zina amandifunsanso za mwala wapakati uja, ndipo ndimabwereza zomwezo, zoti kumunsi ndi wowonda. Tsamba la kalendala likadali pakhoma. Akandifunsa ngati lili chowongoka ndimati eya, koma amadzukabe n'kukalipapasa okha.