Anandikana pa Msewu wa ku Cape Maclear

Anzanga, nkhani iyi ndi ya 1984, koma ndikaikumbukira mtima umandiwirabe.

Ine ndine Enid, mwana wa akatekisiti a ku Malindi. Nthawi imeneyo ndinkaphunzira kusoka pa Mangochi boma. Tsiku lina ndikuwoloka mlatho wa Shire, Land Rover ya boma inaima pambali panga.

"Achemwali, dzuwa lonseli wapansi? Kwerani."

Anali Rodgers, dalaivala wa ku Ntcheu. Pakamwa pake potsekemera ngati nzimbe. Ndinakwera, ndipo chibwenzi chinayambira pomwepo.

Patatha miyezi itatu anandibweretsera diresi lachikasu. Lokongola zedi, koma lolekeza pamwamba pa mawondo. Inu ana a lero dziwani kuti masiku amenewo mkazi kuonetsa mawondo pamsewu unali mlandu.

"Rodgers, ukufuna andimange?"

"Kunyanja amaloleza, dear. Loweruka ndikukasiya makalata ku Monkey Bay, ndiye tikapitirire ku Cape Maclear."

"Basi nditenge chitenje."

"Aaa, chitenje cha chiyaninso? Uli ndi ine. Palibe angakukhudze!"

Ine kupusa kwanga, ndinachisiya pabedi.

Ulendowo ndiye unali bwino, sindinama. Msewu wafumbi wokhotakhota m'mapiri, mitengo yowirira uku ndi uku, anyani atakhala pamiyala kumationerera. Titangotsika phiri lomaliza, nyanja iyo! Madzi oyera mbee, tinsomba tamawangamawanga tikuoneka mpaka pansi. Tinadya kampango wowotcha mapazi ali m'madzi.

"Disembala ndikutuma amalume ku Malindi," anatero. Ndinamukhulupirira.

Pobwerera, pamphambano yolowera msewu wa ku Monkey Bay, tinapeza anyamata achipani atatchinga njira ndi migolo. Ankafunsa makhadi achipani. Langa ndinali nalo, ndinalionetsa. Koma mmodzi anasuzumira pawindo, maso pa miyendo yanga.

"Mayi, tatsikani."

Ndinatsika ndikukokera diresi pansi, koma nsalu yake ikanachokera kuti?

"Adalaivala, mkaziyu ndi wanu? Galimoto ya boma yayamba liti kunyamula zibwenzi?"

Ndinamuyang'ana Rodgers. Iye maso pachiwongolero.

"Ine sindimudziwa, bwana. Wandiimitsa panjira, ndangomumvera chisoni."

Mnyamata uja anagwedeza mutu kuti Rodgers apite. Nkhani inali itatha kumbali yake. Koma Rodgers, injini ikulira kale, anawonjezera yekha:

"Ndipotu ndamuuza kuti kavalidwe aka ndi kauhule."

Kenako fumbi kobo... wapita.

Anzanga, anyamata aja anamasula mpendero wa diresi langa ndi lezala, anthu odikira basi akuonerera. Mayi wina wachiyao wogulitsa zitumbuwa ndi amene anavula chitenje chapamwamba n'kundiponyera.

"Mwanangu, funda. Usalire pamaso pawo."

Mwatsoka, pagulupo panali a Petulo, a kwaya ya kwathu. Mmene ndinkafika ku Malindi Lamulungu n'kuti nkhani itafika kale. Bambo sanandikalipire. Anangoti, "Enid, lero usalowe m'tchalitchi," n'kunyamula buku lawo. Bola akanandimenya.

Lachitatu, uyo Rodgers pasukulu yosoka, atanyamula Fanta.

"Sorry, dear. Ukudziwa ntchito ya boma. Akanandichotsa."

"Zoti sundidziwa ndazimva," ndinatero. "Unachita mantha. Tonse timachita mantha. Koma zauhulezo anakufunsa ndani?"



"Ndikufunsa, Rodgers! Anali atakuuza kale kuti pita. Diresi unagula ndiwe. Anakufunsa ndani?"

Anangokanda m'mutu, n'kuika Fanta uja pamakina anga osokera. Ndinamuuza atuluke nayo.

Disembala inafika, ku Malindi sikunabwere amalume a munthu, ndipo ine sindinawadikire.

Anzanga, munthu wokukana chifukwa cha mantha mwina ungamukhululukire. Koma Rodgers anali atapulumuka kale pamene ananditukwana. Chimenecho ndiye chimandipwetekabe mpaka lero.